Mmisiri wa Mabafa ndi Boti la Kuseri kwa Nyumba

Inu amene zinthu zakuthinani, amene mwatsegula nkhaniyi kuti mutolemo kamphamvu, yambani mwadzifunsa funso ili: kodi munadzukapo m'mawa muli m'boti, madzi ali m'nthiti, chonsecho botilo lili pamtunda, kuseri kwa nyumba ya mlamu wanu? Ngati yankho ndi ayi, ndiye kuti simunafike pansi penipeni. Pali amene anafikapo, ndipo anabwerako.

Munthuyu anzake ankamutcha Bafa. Dzinali analitengera kufakitale kumene anagwira ntchito kuyambira ndevu zisanamere, youmba mabafa a fayiba, aja oyera osalala amene munthu amagonamo posamba. Fayiba ndi nsalu ya ulusi wagalasi imene amainyowetsa ndi guluu wonunkha mpaka iume gwa. Pa ntchitoyi Bafa anali katswiri. Koma anthu anayamba kukonda shawa, mabafa otchipa anadzaza m'mashopu, ndipo tsiku lina anapeza pageti la fakitale pali loko wamkulu ngati chibakera.

Anafunafuna ntchito mpaka nsapato zinayasama. Kulikonse ankamufunsa kuti amadziwa chiyani. Akayankha kuti mabafa, ankamuuza kuti amuimbira foni. Foni yake inali yabwinobwino, koma sinalire.

Anasamukira kwa achemwali ake, namwino wosalankhula zambiri, ndi amuna awo, mphunzitsi wa galimoto amene ankalankhula zokwanira anthu awiri. Anamupatsa kachipinda kosungiramo katundu. Kenaka kunabwera amayi awo a alamuwo kudzachira mwendo. Mwendo unachira, iwo sanabwerere, ndipo Bafa ananyamula matiresi ake kupita kuseri.

Kuseriko kunali boti. Alamu pogula nyumba analipeza lili pomwepo, pangolo yake ya matayala akuphwa, ngati basela. Linali boti la fayiba, la mtundu uja wothamanga umene umakoka munthu pachingwe ataponda matabwa awiri, iye n'kumatsetsereka pamwamba pa madzi. Utoto unali utasuwa, mipando makoswe anadya, injini inali itagona m'shedi ngati wodwala amene abale anamuiwala. Bafa anafunditsa botilo lona wong'ambika, n'kukhala kwawo.

M'mawa umene tayamba nawo uja, mvula inali itapeza pamene lona anang'ambika. Alamu anatulukira ndi kapu ya tiyi m'manja.

"A Kaputeni, mwayenda bwanji? Mafunde sanavute?"

"Tafika bwino, alamu."

"Zikomo. Nkhani ndi iyi: ndikugula galimoto yachiwiri yophunzitsira, ndipo idzaima pamenepa. Boti likuchoka. Popeza botili ndi kwanu, muyambiretu kuona kokocheza."

Apa ndiye panali pansi. Munthu wopanda ntchito, wopanda chipinda, akuchotsedwa ngakhale m'boti losayenda.

Madzulo ake achemwali anabwera kuseriko akadali m'yunifolomu. Ananena kuti kuchipatala anamanga bala la mayi wina, manijala wa hotelo ya m'mbali mwa damu lalikulu kunja kwa tauni. Mayiyo ankafuna munthu wokhala ndi boti lokoka alendo pamadzi, tchuti chachikulu chisanafike.

"Ntchitoyo ili ndi kanyumba ka antchito," anatero achemwali. "Kali ndi denga."

Bafa anazungulira botilo, n'kuligogoda m'mbali monga ankachitira kufakitale, n'kumwetulira koyamba m'miyezi yambiri.

"Achemwali, ilitu ndi bafa. Kungoti ndi lalitali."

Gwirani bwino mawu amenewo, owerenga. Anamupatsa mphamvu, ndipo ndi omwewonso amene anamugwetsa.

Anayamba ntchito alibe kanthu m'thumba, koma manja anali nawo. Makanika wina wa mumsewu womwewo anali ndi thanki la madzi long'aluka. Bafa analimata, makanikayo anadzutsa injini. Wowotcherera zitsulo anali ndi bafa lodontha limene akazi awo ankalitchula tsiku lililonse. Bafa analikonza, wowotchererayo anaimika m'botimo mzati watsopano womangirirapo chingwe. Nsalu ya fayiba ndi guluu anazipeza kwa mnzake wakale amene anatsala nazo fakitale itatsekedwa. Mipando anaisoka yekha, moipa poyamba, kenaka moipa pang'ono. Galasi loonera kumbuyo linachokera pagalimoto yakale ya alamu, imene inali itakhala pamiyala, ndipo alamu anaona kuti lasowa litamangidwa kale m'boti ndi mabawuti.

Anapala mimba ya boti ndi sanipepa mpaka foni inasiya kuzindikira zidindo za zala zake. Anamata ming'alu yonse, umodzi umodzi. Fumbi la fayiba limayabwa kuposa chitedze, ndipo Bafa ankayenda akukanda ngati wagona ndi nsikidzi. Amayi a alamu anasiya kukhala naye pafupi.

Kenaka inafika nthawi yoyesa ngati boti likudontha. Bafa anayesa monga amayesera mabafa, poti njira ina sankaidziwa. Kufakitale lamulo linali limodzi: thira madzi m'bafa, yala nyuzipepala pansi pake, ubwere mawa. Nyuzi ikakhala youma, bafa ndi labwino. Anayala nyuzi pansi pa boti, anathiramo madzi ndi paipi mpaka m'katumba, analemba mzere ndi choko pamene madzi analekeza.

M'mawa nyuzi inali youma gwa. Koma madzi anali atatsika pansi pa mzere uja pafupifupi chikhatho chonse.

Nali funso lanu, inu okonda kuswa mutu. Pansi pouma, m'mbali mouma, madzi achepa. Apita kuti?

Pakhomopo aliyense anali ndi yankho lake. Alamu anati ndi dzuwa. Atakumbutsidwa kuti dzuwa linali litalowa, anati ndi galu wa aneba. Amayi awo anati ndi aneba eniakewo, amene ankawakayikira kale pa nkhani ya tsache. Bafa anathiranso madzi, anatsikanso. Anathiranso, anatsika pang'ono. Anapitiriza mpaka tsiku lina madzi anaima pamzere osasuntha, nyuzi ili youma.

"Mwaona?" anatero Bafa. "Lakhazikika."

Atatero anapopa madzi otsalawo, n'kugwira ntchito imene ankainyadira kwambiri. Pansi popondapo panali pofewa, pakumatitimira munthu akaponda. Wopanga mabafa sagumula, amakuta. Anayala matabwa atsopano pamwamba pa akalewo, anakuta ndi fayiba, anamata m'mbali monse kuti ngakhale dontho lisadutse, anapaka utoto woyera, n'kupukuta mpaka munthu ankadziona nkhope. Bafa limakongola mkati, choncho boti lake linawala mkati kuposa kunja. Ngakhale amayi a alamu anabwera kudzasisita ndi dzanja.

Tsiku lokayesa kudamu, alamu anavomera kukoka ngolo ndi galimoto yawo yophunzitsira, poti chilichonse chochotsa boti pakhomo chinali chowakomera. Galimotoyo inalira njira yonse ngati ikukwera phiri, chonsecho msewu unali wosalala. Alamu anati ndi petulo wa masiku ano.

Amanijala anawalandira padoko la matabwa, bandeji ikadali kudzanja. Anasuzumira m'boti, anagwedeza mutu mosangalala, n'kufunsa kuti wokwera pamatabwa ndani.

Alamu anavula malaya. "Munthu wophunzitsa galimoto ya magiya angalephere timatabwa tiwiri?"

Anawaveka jekete yoyandamitsa imene inakana kutseka pamimba, anawamanga matabwa kumapazi, anawapatsa chingwe. Bafa analiza injini, inayankha mokoma. Anakankha mphamvu yonse.

Boti lotere likathamanga limayenera kudzuka, n'kumayenda pamwamba pa madzi ngati mwala wophwatalala umene ana amaponya. La Bafa linakweza mphuno kumwamba, linakhazika matako m'madzi, n'kumayenda ngati ng'ombe yowoloka mtsinje. Kumbuyo kunkaoneka mutu wa alamu ndi nsonga ziwiri za matabwa. Mutuwo unkamira, n'kuvuuka, n'kunena mawu amene mphunzitsi sayenera kunena, n'kumiranso.

Anthu a pahotelo anagwirizana kuti vuto ndi mimba ya alamu. Amanijala anaitana woperekera zakudya wina wowonda ngati ndodo ya tsache. Nayenso anakokedwa chimodzimodzi, kungoti iye anamwa madzi ochepa poti pakamwa pake panali pang'ono.

"Boti ndi lokongola, bambo," anatero amanijala. "Injini ikulira bwino. Koma alendo anga sabwera kuno kuti adzakokedwe ngati ukonde. Pali wina m'tauni ali ndi boti latsopano, kungoti ndi wamwano. Masukulu akamatseka lanuli lisanadzuke, ndimuimbira yemweyo."

Pobwerera alamu sanalankhule, zomwe achemwali anati zinali zisanachitikepo chikwatiranireni. Anatsegula pakamwa atafika pageti.

"Pali munthu wogulitsa maluwa akulifuna. Akuti adzathiramo dothi."

Ambiri akanasiyira pamenepa, ndipo palibe akanawanena. Bafa anapita kuseri kuti akangogona, aiwale. Anapeza kuti matiresi ake, amene anawasiya pampanda kuti apitidwe mphepo, mvula inawapeza iye ali kudamu. Kunja anali atayamba kuuma. Sankadontha n'komwe. Anawagwira ndi dzanja limodzi monga mwa masiku onse, matiresi anakana. Anagwira ndi manja awiri, msana unalira.

Anaima pomwepo, akuyang'ana matiresi, akuyang'ana boti, akuyang'ananso matiresi.

Kenaka anakatenga makina oboolera kwa makanika uja, analowa m'boti, n'kugwada pa ntchito yake yoyera yonyezimira ija. Anagwada nthawi yaitali osaboola. Muyenera kumumvetsa. Pa zaka zonse za kufakitale sanapangepo chinthu chosalala chotero, ndipo kuyambira pamene geti linatsekedwa, ichi chokha ndi chimene anthu anachiyamikira. Anatsinzina, n'kukanikiza.

Pabowopo panatuluka madzi akuda, onunkha, akutumphuka ngati kasupe.

Alamu anasuzumira. "Aa, alamu, mwakumba mjigo m'boti?"

Yankho la funso lija ndi ili. Bafa lili ndi khungu limodzi: madzi akachoka mkati, ndiye kuti ali panyuzi. Boti lili ndi makungu awiri. Pakati pa popondapo ndi mimba yake pali mpata, ndipo opanga maboti amadzazamo siponji youma kuti boti lisamire likabooka. Siponji ya boti ili inali itakalamba. Inamwa mvula ya zaka zonse zimene linakhala kuseri, kenaka inamwa madzi onse amene Bafa ankathira ndi paipi. Tsiku limene madzi anaima pamzere, boti silinachire. Linakhuta. Ndipo Bafa, ndi luso lake lonse, anabwera n'kumata pamwamba kuti dontho ngakhale limodzi lisatulukenso.

Galu wa aneba analibe mlandu.

"Ndiye mutani?" anafunsa achemwali, amene anali ataima pakhomo la kukhitchini.

"Ndidula ponse."

"Pokongola paja?"

"Pomwepo, achemwali."

Anadula. Makina odulira analira masiku ambiri, fumbi loyera linakuta mpanda, masamba a mtengo ndi zovala za amayi a alamu zimene zinali pachingwe. Pansi pa matabwa ake atsopano anapeza akale ataola ngati buledi wonyowa. Nthiti zamatabwa zimene zimalimbitsa boti zinkachoka ndi zala. Thabwa lakumbuyo lonyamula injini linali lolimba ndi utoto wokha. Siponji anaifukula ndi fosholo, wilibala pambuyo pa wilibala, ndipo paliponse pamene anaithira panamera chithaphwi.

Wogulitsa maluwa anabwera kudzaona katundu wake, anapeza boti lili chibade chokhachokha, mkati muli munthu woyera ndi fumbi kuyambira kumutu, akukanda. Anafunsa alamu ngati munthuyo ali bwinobwino. Alamu anati nkhaniyo ikufufuzidwa.

Bafa anasiya chibadecho padzuwa mpaka chinauma. Anasema nthiti zatsopano, iliyonse anaikuta ndi fayiba mbali zonse, ngakhale mbali imene palibe adzaione. Kwa wopanga mabafa ichi chinali chiphunzitso chachilendo, poti kufakitale kunsi kwa bafa kunkasiyidwa kokhakhala. Anaika thabwa lakumbuyo latsopano. Siponji yatsopano sakanaikwanitsa, choncho anadzaza mpatawo ndi mabotolo apulasitiki opanda kanthu, otsekedwa zolimba. Achemwali ankabwera nawo kuchokera kuntchito m'thumba lalikulu ngati akunyamula mankhwala. Popondapo patsopano anapasiyira kachitseko, koti munthu azitsegula n'kuona zimene zikuchitika kunsi.

Sipanasalale ngati poyamba. Nthawi inali itatha, utoto unali utatha, ndipo ana a mumsewu anali atayamba kale kuimba nyimbo zotsekera sukulu. Galimoto yachiwiri ya alamu inali itafika, ikugona panja pa geti, ndipo alamu ankaiyang'ana m'mawa uliwonse ngati mwana wamasiye.

Ulendo wachiwiri galimoto yophunzitsira inakoka ngolo mosavuta, mpaka alamu anaima kawiri kukaona ngati boti likadalipo.

Amanijala anali padoko, foni ili m'manja. "Wamwano uja ndamuuza kuti ndimuyankha lero. Wokwera ndani?"

Onse anayang'ana alamu.

"Ine ndinamwa kale gawo langa," anatero alamu, akumanga batani la pakhosi.

Anatuma munthu kukaitana woperekera zakudya uja. Anabwerera n'kunena kuti wadzitsekera mosungira ndiwo ndipo akuti bola amuchotse ntchito. Alendo a pahotelo anali atayamba kusonkhana, koma aliyense anali ndi chifukwa: wina bondo, wina wangodya kumene, wina dokotala anamuletsa. Amanijala anayang'ana foni yawo.

Apo achemwali, amene ulendo uno anabwera nawo, anavula nsapato. Anapachika chikwama chawo paphewa la amuna awo.

"Mayi, mukutani?" anatero alamu. "Inu madzi mumawadziwira m'beseni!"

"Mwana wa mayi anga sagona panja chifukwa choti amuna aopa kunyowa. Ndipatseni jeketeyo."

Bafa anafuna kukana, koma achemwali anamuyang'ana mmene ankamuyang'anira ali mwana akakana kusamba. Analiza injini.

Ulendo woyamba boti linadumpha mwamphamvu mwakuti chingwe chinawapulumuka, achemwali anatsala pomwepo atakhala m'madzi ngati akudikira basi. Ulendo wachiwiri anadzuka pang'ono, miyendo inapita kwina ndi kwina, anagwa chafufumimba. Bafa anazungulira n'kuwayandikira.

"Achemwali, basi. Ndikagona kwina."

Achemwali analavula madzi. "Kuti? Bweretsa chingwecho."

Ulendo wachitatu Bafa anakankha mphamvu pang'onopang'ono. Mphuno ya boti inakwera, inakwera, kenaka inatsika, ndipo boti lonse linadzuka n'kukhala pamwamba pa madzi. Phokoso linasintha. Mphepo inamumenya kumaso. Anaponya diso pagalasi loonera kumbuyo, ndipo m'menemo munali achemwali ake, namwino wa ana atatu, ataimirira pamatabwa awiri. Sanaime mokongola. Anawerama ngati akusesa pansi pa bedi, maondo akunjenjemera, madzi akuuluka uku ndi uku. Koma anaima.

"Usaime!" anakuwa achemwali. "Usaime iwe! Kutsika kwake sindikukudziwa!"

Anazungulira damu lonse, n'kuzunguliranso, poti Bafa nayenso kutsitsa munthu anali asanakuganizire. Padoko alendo ankaomba m'manja. Wa bondo uja anachira, wongodya kumene uja chakudya chinatsika, ndipo anayamba kukangana kuti wotsatira ndani. Alamu ankathamanga m'mbali mwa madzi, chikwama cha akazi awo chikuwamenya m'nthiti, akuuza aliyense kuti mayiwo ndi a kunyumba kwawo ndipo woyendetsayo kukhota anamuphunzitsa ndi iwo.

Pomaliza achemwali anatopa, anataya chingwe, n'kumira pang'onopang'ono mpaka m'khosi ngati munthu wokhala pampando. Kutsika kwake kunali komweko.

Bafa atakocheza, amanijala anaika foni m'thumba, n'kutulutsa kiyi womangidwa pakachingwe.

"Kanyumba kachitatu kuseri kwa khitchini. Muyamba mawa. Koma muphunzire kutsitsa anthu, bambo, ena ali ndi ndege yokwera."

Lero Bafa amakoka alendo padamu paja, ndipo nyengo yozizira, alendo akachepa, pakhomo pake pamakhala maboti a anthu ena odikira kukonzedwa. Eni ake amabwera akufuna utoto watsopano ndi mipando yofewa. Iye amamvetsera mwaulemu, kenaka amatenga makina oboolera.

Tsono inu amene mwayesetsa, mwamata, mwapukuta, anthu ayamikira, koma chinthu chikukanabe kudzuka, mwina vuto si injini yanu ndipo si mimba ya alamu anu. Mwina pali chimene munachikuta bwinobwino ndi manja anu omwe, ndipo chikulemera kunsi. Musawonjezere utoto. Gwadani, boolani, muone chimene chituluke. Chidzanunkha, fumbi lidzayabwa, ndipo wina adzasuzumira n'kufunsa ngati muli bwinobwino. Mulekeni afunse. Mtima wokha musautaye. Ndipo tsiku limene mudzadzuke pamwamba pa madzi, ngakhale mutawerama, ngakhale maondo akunjenjemera, gwirani chingwe zolimba. Za katsikidwe mudzaziona kutsogolo.